Mulipo, Amayi?

Munthu wina akadzandikuwizanso kuti "Tilipo!" pa msika wa Tsangano, ndidzatsika pa njinga n'kumuonetsa kuti inenso ndilipodi. Ndatopa nazo. Nkhaniyi anthu akuikamba mokhotetsa, ena akuti ndinali nditaledzera (bodza, ndinali nditamwa tiyi yekha), ndiye imvani kwa mwini wake.

Njinga yanga yamoto sindinagule mwachibwana. Msana wangawu unatha ndi matumba a mbatata ya kachewere, ndiye sindinkafuna tinjinga tatsopanoti, tolira ngati chigayo, toti ukatsika matako amanjenjemerabe mpaka mawa. Alamu anga a Fanuwelo ali nako kamodzi. Ndinkawauza pamaso kuti chimenecho si njinga, ndi sefa wa ufa.

Ine ndinapita mpaka ku Manjawira, kwa madala ena, a Gama, omwe anagwirapo ntchito ku Joni. Anali ndi njinga ya ku Japan, yakalekale, yolemera ngati ng'ombe, yogona m'nyumba itafundidwa bulangete. Chishalo chake chachitali, chofewa ngati mpando wa abusa. Madalawo sanachuluke zonena. Anadzaza chikho ndi thobwa, n'kuchikhazika pa chishalo, n'kuliza injini. Thobwa silinatayike ngakhale dontho.

"Iyi, mwana wanga," anatero a Gama, "ukanyamula munthu sumva n'komwe kuti wanyamula munthu."

Ine ndinaomba m'manja. Chitsiru ine, ndinaombera m'manja tsoka langa.

Kenako kunabwera chinkhoswe cha mwana wa mlamu wanga wamkazi, kuseri kwa Tsangano. Mkazi wanga, Nangozo, ananyamuka dzulo lake kukathandiza zophika. Apongozi anga mawondo anawathera, sangayende ulendo umenewo, ndiye ntchito inagwera ine. Nangozo asanatuluke anaima pakhomo.

"Mawa muwatenge amayi pa chinjinga chanucho. Koma mumvetsetse. Mukawagwetsa, musabwererenso pano. Mukangopitirira kwanu."

Sankaseka. Ndipo ine ndine mkamwini. Nyumba ndinamanga ndi manja angawa, koma dothi ndi lawo. Kwathu kumene ankanenako kunatsala zitsamba ndi manda.

Tsono inu mukudziwa mwambo. Apongozi sakhudza mkamwini, samuyang'ana m'maso, samutchula dzina. Chikwatirireni, moni timapatsana wina atayang'ana kumpoto wina kummwera. Nanga pa njinga tikhala bwanji? Ndinaganiza nzeru. Ndinamanga thumba la kachewere wa kuchinkhoswe pakati pathu, likhale malire. Magalasi onse awiri ndinawapotoza kuloza kumwamba, kuti maso athu asakumane mwangozi. Ndinavala chipewa changa cha njinga, n'kuyang'ana kutsogolo, iwo n'kukwera kumbuyo kwa thumba, chammbali, atagwira chitsulo.

"Mwakhala bwino, amayi?"

"Mm."

Tinanyamuka. Njinga imangoyandama, abale. Maenje onse a msewu uja imangowameza. Titafika pa kamlatho ka mitengo, pamtsinje, ng'ombe zinali zikuoloka, ndiye ndinaima. Mvula inali itagwa kumapiri, madzi ali ofiira, akuthamanga. Ng'ombe zitatha, ndinapitirira.

Kuchoka pamenepo ulendo unakoma zedi. Ndinkamva kulemera kutatsamira msana wanga, ndikuti eya, mayi akhazikika. Mpaka ndinayamba kucheza nawo, chinthu chimene sindinachitepo. Ndinawafotokozera za thobwa la a Gama. Zii. Ndinawauza za kudula kwa feteleza. Zii. Sindinadabwe, apongozi abwino sayankha mkamwini zilizonse. Ndinalimba mtima mpaka kuwapepesa za mbuzi yanga imene inadya nyemba zawo (nkhani imene ndinaikana kwa ankhoswe). Zii. Ndinati mumtima, koma mayi awa ngokhululuka.

Ndinalowa pachinkhoswe ndikuliza huta. Azimayi anayamba nthungululu, koma inathera pakhosi. Nangozo anatuluka ndi mthiko m'manja.

"Amayi ali kuti?"

"Si awa?"

Ndinacheuka. Thumba.

Sindinadikire mthiko uja. Ndinatembenuza njinga n'kubwerera, maso ali m'ngalande zonse.  Ndinkafunsa aliyense, "Simunaone gogo atagwa?" Wina anandiyankha kuti, "Atagwa kuchokera kuti?" Ndikanakhala ndi nthawi ndikanamumenya.

Pa kamlatho paja ndinapeza patapata imodzi itamira m'matope, m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Yobiriwira, yosokedwa ndi waya. Ndinaidziwa, waya ameneyo ndinasoka ndine.

Ndinatsika pa njinga. Ndinalowa m'madzi ndi jekete yanga ya kutchalitchi, ndikukuwa, "Amayi! Amayi!" Anabwera azibambo ochokera kumunda, n'kudula nsungwi, tonse n'kumatokosa m'mabango. Nsungwi ikagunda chofewa mtima umaima, kuvuula n'chitsa cha nthochi. Mmodzi wa iwo anapukusa mutu.

"Madzi awa, achimwene, akatenga munthu sabweza lero."

Wina anavula chipewa. Pamenepo ndinadziwa kuti zanga zatha: ukwati, nyumba, munda, mwina ndi ndende yomwe. Ndinatenga patapata ija n'kuiika m'thumba la jekete, n'kubwerera pang'onopang'ono, madzi akuchucha pa chishalo chofewa chija. Njira yonse ndinkayeseza mawu. Ulibe mawu abwino ouzira mkazi wako kuti amayi ake wawataya ngati chikwanje.

Nditafika, anthu onse anali akundiyang'ana. Ndinagwada pamaso pa amalume a Nangozo, n'kutulutsa patapata, n'kuikweza ndi manja awiri.

"Amalume, ndalakwa. Amayi apita ndi madzi."

Palibe analira. Palibe ngakhale mmodzi anandigwira pakamwa, anthu oipa inu! Anandisiya ndifotokoze zonse, za nsungwi, za mabango, mamina akutuluka. Ndiye kuchokera pamphasa, kuseri kwa amayi ena, kunamveka mawu.

"Nangozo, auze amuna akowo abweretse patapata yanga. Phazi likuzizira."

Apongozi! Ali phee, chikho cha thobwa m'manja, phazi limodzi lili lokha. Chapafupi a Fanuwelo atatsamira kasefa kawo kaja, mano onse panja.

Zinachitika n'zoti pamene ndinaimira ng'ombe, patapata inavuka. Iwo anatsika kuti akatole, inakanirira m'matope, ine n'kunyamuka. A Fanuwelo anawapeza atakhala pamwala, n'kuwadutsitsa kanjira kachidule ka m'madimba, n'chifukwa chake sitinakumane. Ndinafunsa, kudzera mwa Nangozo, kuti nanga osandiitana bwanji?

"Akuti anatsokomola kawiri," anatero Nangozo. "Anaombanso m'manja. Mumafuna akuwe ngati akuitana galu?"

Kutsokomola! Munthu wavala chipewa cha njinga, injini ikulira, ng'ombe zikulira, amve chifuwa cha gogo?

"Alamu," a Fanuwelo analowerera, "sefa wanga ndi woipa, koma ufa ukatayika ndimamva."

Anthu anagwa nako kuseka. Nangozo yekha sanaseke. Anandiloza ndi mthiko.

"Ine ndinati mukawagwetsa. Inu simunawagwetse, munawaiwala. Amalume, chachikulu n'chiti?"

Amalume anayamba kukanda ndevu. Ine ndili chogwadabe m'matope, ndikuona zitsamba za kwathu zija. Apongozi anavala patapata yawo mosafulumira, anamwa thobwa, n'kuyankhula atayang'ana kukhoma.

"Asiyeni. Munthu walowa m'madzi ndi jekete chifukwa cha ine. Komanso ka a Fanuwelo aka kandigwedeza mano otsalawa, sindikweranso. Pobwerera ndikwera yomweyo yofewayo. Koma azifunsa ngati ndilipo, ine ndiziyankha. Mwambo suposa mtsinje."

Ndi mmene ndinatsalira pakhomo. (Za mbuzi zija anamva kachewere yekha, ndipo tinamudya.)

Koma tsoka silithera pomwepo. Pobwerera ndinkafunsa pa khona iliyonse, mokuwa chifukwa cha chipewa, "Mulipo, amayi?" Iwo, "Tilipo!" Tinadutsa choncho pakati pa msika wa Tsangano, tsiku la msika. Kuyambira pamenepo, ndikangodutsa, kaya ndili ndekha, ogulitsa kabichi, akabaza, ngakhale amayi oti ndi a mvano, onse pamodzi: "Tilipooo!"

Akuti ndigulitse njingayo. Sindigulitsa. Njinga ilibe mlandu, inachita zimene a Gama ananena. Galasi limodzi ndinaliwongola, limaonetsa phazi la apongozi basi, nkhope ayi. Koma inu amene mukufuna yofewa ya ku Japan, musapusitsidwe ndi chikho cha thobwa. Poyesa, kwezanipo apongozi, muwatsitse mwakachetechete, muone ngati mumva.