Tsiku Limene Amalume Anandikonzera Njinga

Anzanga akamandifunsa chifukwa chake njinga yanga yamoto inakhala mwezi wathunthu itakwezedwa pa njerwa kuseri kwa nyumba yomwe timachita lendi ku Finglas, kuno kutsidya kwa nyanja, ndimangoti inali pa sevisi. Si bodza kwenikweni. Koma dzina la amene anayamba sevisi imeneyo ndimalibisa, chifukwa ndi munthu amene ndimamupatsa moni ndi manja awiri mpaka lero.

Njingayo ndinagula yakale, chaka chachiwiri cha sukulu yanga kuno, nditatopa ndi kudikira basi pamvula. (Inde, pa njinga munthu umanyowa kuposa pa siteji ya basi. Zimenezo ndinazizindikira nditagula kale.) Inkayenda bwinobwino, mpaka pamene inayamba kakhalidwe kena: ndikangogwira buleki yakutsogolo, pankamveka "gu!" kamodzi kokha, ngati mlendo wagogoda chitseko n'kusintha maganizo.

Ine si makaniko, koma boma la eni ake likundilipirira sukulu kuti ndizifufuza zinthu, ndiye ndinafufuza. Ndinayamba ndi mabawuti ogwira buleki, onse anali omanga. Nati ya tayala, yomanga. Ndinayang'ana mafoloko, mapaipi awiri aja ogwira tayala lakutsogolo, omwe m'kati mwake mumakhala sipuling'i ndi oyilo kuti njinga isamakugwedeze m'mabampu. Anali oyera, osadontha ngakhale kadontho, ndipo ndikawakanikiza ankatsika ndi kukwera mofewa. Pomaliza ndinagwira buleki, n'kumakankha njinga kutsogolo ndi m'mbuyo, chala nditaika pakhosi pomwe chiwongolero chimalumikizana ndi thupi la njinga. Pamenepo ndipo ndinamumva wogogoda uja akundimenya chala. Maberingi a pakhosi anali atakhwepa. Mankhwala ake anali kumanga nati imodzi basi, kungoti imafuna sipanala yakeyake, ndipo sipanalayo ndinali nditaitanitsa, ili m'njira.

Mfundo imeneyi muigwire bwino, abale, chifukwa ndi malo okhawo m'nkhani ino pomwe ndikuoneka wanzeru: matenda a njinga yanga ndinkawadziwa.

Tsono pali Tadala. Tadala ndi namwino pa chipatala china m'tauni, ndipo tinali titagwirizana zomanga banja. Makolo ake ali ku Dedza, sakanatha kundiona, ndiye anati maso awo akhale amalume ake, a Kamwendo, omwe akhala ku Lucan, dera lina la kunoko, zaka zambirimbiri. Iwowo akati inde, chinkhoswe chichitika. Akati ayi, ndiye kuti ndibwerere kukakwatira mabuku anga. Tadala anandichenjeza kuti amalumewo ndi munthu wabwino mtima, koma pali chimodzi chomwe salola: kutsutsidwa ndi mwana. Anandiuza za mnyamata wina amene ankafuna msuweni wake, amene anabwezedwa chifukwa chowawongolera pa nkhani ya mpira. Mnyamatayo ankanena zoona, ndipo mpaka pano adakali mbeta ndi zoona zakezo.

Anandiuzanso kuti ndikwere basi. Koma kuchoka ku Finglas kukafika ku Lucan ndi mabasi awiri, ndipo ine ndinkafuna kuti amalume aone kuti mphwawo akupita kwa mwamuna wokhala ndi kake kokwera.

Loweruka limenelo ndinawapeza ataima pageti, atavala shati yoyera yositidwa mpaka kuthwa. Ndinachepetsa liwiro mwaulemu, ndinagwira buleki, njinga n'kupereka moni isanandilole ine: "gu!"

Nkhope ya amalume inawala. Sanandifunse za ulendo, kapena za kwathu. Anaizungulira njinga, manja kumbuyo, n'kundipatsiratu ulemu wa digiri yomwe sindinamalize, amvekere, "Adokotala, imeneyi shock yauma. Mulibe oil m'menemu." Ankaloza mafoloko aja.

Apa ndipo ndinamva koyamba kuti asanabwere kuno anali mlangizi wa zaulimi ku Ntchisi, ndipo anayendetsa njinga ya boma "ten years, no mechanic". Ankaikonza okha pansi pa mtengo wa mango. Kuyambira pamene anafika m'dziko muno palibe anawalolapo kugwira sipanala, chifukwa galimoto zakuno ukangotsegula boneti umapeza pulasitiki yokhayokha.

Pakamwa panga panali patafika kale mawu oti "maberingi". Ndinawameza. Tadala anali ataima pakhomo, ndipo diso lomwe anandiponyera linali lokwanira. Ndinangoti, "Zoonadi amalume, ndimadabwatu."

Ndinkaganiza kuti tikalowa m'nyumba nkhaniyo ithera pompo. Ayi ndithu. Anakalowa m'kashedi kawo, n'kutulukamo ndi bokosi la zitsulo lomwe mwina linakwera nawo ndege kuchokera ku Ntchisi. Anandiuza kuti ndiimike njinga chilili, ndiigwire pa chiwongolero, iwo atsegule zitsekerero za pamwamba pa mafoloko kuti tithiremo oyilo.

Kwa amene simunagwirepo njinga yamoto: zitsekerero zimenezo ndi zomwe zimapanikiza sipuling'i, ndipo sipuling'iyo ndi imene yasenza kulemera konse kwa kutsogolo. Usanazitsegule umayenera kukweza njinga, tayala lilendewere m'mwamba. Ndinayesa kulowa cham'mbali, monga amachitira mwana woleredwa bwino. Ndinafunsa ngati munthu wofuna kuphunzira, kuti kodi mwina ena sayamba akweza kutsogoloku ndi jeke?

"Jack ndi ya galimoto," anatero amalume. "Inu gwirani basi."

Ndinagwira. Wamkulu sauzidwa.

Chitsekerero choyamba chinawadumphira m'manja, iwo n'kuchiwakha, n'kuseka. Anati mwaona, manja sanaiwale. Njinga inapendekera pang'ono, kulemera konse kutatsalira mbali imodzi. Ine thukuta linali likutsika m'msana ngakhale kunali mphepo ya kuno ija yolowa mpaka m'mafupa. Ndinayamba kukokera chiwongolero m'mwamba mwakabisira, kuti mwina ndingakhale jekeyo ineyo. Koma njinga imeneyo ndi yolemera kuposa ine ndi mabuku anga onse.

Anaweramira pa chachiwiri, nkhope ili pamwamba penipeni. Ndinati, "Amalume, mwina mutu mukanautaya uko pang'ono." Anati akufuna aone bwino.

Anaonadi. Chitsekerero chinachoka ngati mwala wa pa legeni, n'kuwapeza pachipumi. Njinga inagwada, masipuling'i onse awiri anatumphukira kunja, ndipo oyilo amene ankati mulibe uja anatuluka kudzadzionetsa, wakuda, wonunkha ngati nsomba yoola, kuyambira pa kolala ya shati yoyera ija mpaka pa lamba. Amalume anakhala pansi pa simenti, dzanja pamphumi. Ndinaona ukwati wanga ukuyenderera limodzi ndi oyiloyo kulowera mu ngalande.

Mayi Kamwendo anatuluka akupukuta manja. Anayang'ana amuna awo, anayang'ana bokosi la zitsulo, n'kufunsa motsitsa mawu, "Bambo, mwayambanso? Ya washing machine ija sinakukwanireni?"

Amalume anandiyang'ana ine. Pachipumi pawo panali patayamba kale kutupa ngati dzira la nkhunda, ndipo m'maso mwawo munalibe ukali. Munali pempho. Munthu wamkulu, pakhomo pake, pamaso pa mkazi wake ndi mphwake, atakhala m'matope a oyilo chifukwa chofuna kuonetsa mlendo kuti nayenso anali munthu kwawo. Ndinawamvera chisoni chenicheni, ndipo ndisaname, ndinaonanso mpata.

"Ndine, mayi," ndinatero. "Amalume anandiuza kuti ndigwire bwino, ine ndinatsamira pa handle. Pepani kwambiri."

Zomwe ndinalandira kwa mayiwo sindizibwereza zonse. Anati sukulu yambiri imachotsa nzeru za m'manja. Anafunsa Tadala ngati uyu ndiye amene adzanyamule ana ake. Ine ndinaima mutu pansi, manja kutsogolo, ngati mwana wogwidwa ndi shuga pakamwa. Amene anandipulumutsa ndi amalume omwewo. Anadzuka, n'kunena kuti mwana asakalipiridwe, kulakwa n'kuphunzira, ndipo iwo amukhululukira. (Ndinathokoza. Inde, ndinawomba m'manja n'kuthokoza.)

Mukuganiza kuti zinathera pamenepo? Munthu amene wangokhululukira mnzake amakhala ndi mphamvu zatsopano. Anasintha shati, anamata kansalu konyowa pachipumi, n'kubwera ndi chigubu cha oyilo wa injini ya galimoto yawo. Mafoloko ali ndi oyilo wawowawo wopepuka, ndipo sudzaza: umasiya mpata wa mpweya pamwamba kuti foloko ipeze potsikira. Amalume anathira mpaka kukamwa. Anati ku Ntchisi vuto linali kusowa kwa oyilo, sanamvepo njinga itadandaula kuti wachuluka. Ine ndinasenza kutsogolo kwa njinga ndi phewa, iwo n'kumakanikiza zitsekerero, mpaka zinalowa.

Kenako anati ndiyese.

Apa ndiye panali pa mayeso enieni. Khosi lija palibe analigwira, ndiye wogogoda uja anali akadali m'nyumba mwake. Ndikagwira buleki yakutsogolo, "gu!" amveka, ndipo amalume achita manyazi kachiwiri pamaso pa mayi, omwe anali ataima pakhomo manja m'chiuno. Ndinaliza njinga, ndinapita kumapeto kwa msewu, n'kubwerera pang'onopang'ono. Nditayandikira geti ndinatambasula zala pa buleki yakumanja, yakutsogolo ija, kuti aliyense aone, nkhope nditaiumitsa ngati ndikufinya ndi mphamvu, koma amene anaimitsa njinga ndi phazi langa, pa buleki yakumbuyo. Njinga inaima zii.

"Mwamva?" anatero amalume, akutembenukira kwa akazi awo. "Palibe sound. Tiyeni m'nyumba, akamwini."

Akamwini. Mawu amenewo anandikoma kuposa nkhuku yomwe tinadya. Patebulo sanandifunse zambiri. Za mpingo wanga, za mudzi wathu, za tsiku lomaliza sukulu, zonsezo anangodutsamo ngati akuwerenga zikwangwani. Nthawi yambiri inapita pa misewu ya ku Ntchisi nyengo ya dzinja, ndipo ine ndinkavomera pamalo oyenera.

Potsanzikana anandiperekeza mpaka pageti, ndiye ndinayenera kuchoka nditakwera. Mafoloko anali gwa ngati munsi. Kabampu kalikonse kankandifika m'mano. Nditangokhota pomwe sakanandionanso, ndinakumana ndi chibampu chochepetsa liwiro, ndipo marabala otseka oyilo anagonja. Oyilo anatsika m'mapaipi onse awiri, wina n'kukafika pa chimbale cha buleki. Buleki yonyowa oyilo si buleki, ndipo ulemu wanga sunafike poti ndiufere pa msewu waukulu. Ndinatsika, ndinaikankha mpaka pa malo oimika galimoto a sitolo ina, n'kubwerera ku Finglas pa mabasi awiri aja, chipewa cha njinga chili pamiyendo. Njingayo inabwera mawa lake pa vani ya mnzanga wa ku Zambia, amene anaseka kuyambira ku Lucan mpaka kwathu.

Mwezi wa pa njerwa uja unali wochotsa oyilo wa galimoto, kutsuka mapaipi, kuika marabala atsopano, kusintha mapadi a buleki omwe anamwa oyilo, ndi kuthira oyilo woyenera mochita kuyeza. Sipanala yanga itafika, nati ya pakhosi ndinaimanga madzi a tiyi asanawire. Phokoso linatha.

Chigamulo chinabwera kudzera pa foni ya Tadala. Amayi ake anamutumizira uthenga wa mawu womwe amalume anatumiza ku Dedza, ndipo tinaumvera limodzi. Anati mnyamata amuona, ndi waulemu, wodzichepetsa, akalakwa amavomera, ndipo chinkhoswe chikonzedwe. Ndinatsala pang'ono kulira. Tadala anandigwira dzanja n'kunena kuti ndidikire, sunathe.

"Koma pa za makina," anapitiriza amalume, "mwanayu ndi mbuli yeniyeni, angatiphere Tadala pa msewu. Ndiye musadandaule, ndimuuza kuti njinga ija azibwera nayo kuno every month, ndizimuonera ndekha."

Walira mvula walira matope. Mwezi uliwonse ndimapita ku Lucan, ndipo ndisananyamuke ndimamasula kalirole mmodzi kuti amalume akapeze chogwira. Amamupeza, amapukusa mutu, amamumanga, tonse timasangalala. Ndinamuuza Tadala kuti ndipirira mpaka tsiku la ukwati basi. Anandiseka, n'kundikumbutsa kuti nkhoswe sapuma pa ntchito ukwati ukachitika, ndi pamene amayamba.

Ulendo wathawu atamanga kalirole sanabweze sipanala m'bokosi. Anagwada, anayang'anitsitsa tayala lakutsogolo nthawi yaitali, n'kunena kuti mabuleki amenewa sakuwasangalatsa, mwezi wamawa ndifike m'mawa.

Ndinati zikomo kwambiri, amalume.