Lamba wa nsato

Buluku langa linagwa pamaso pa anthu a boma, koma limenelo ndi tsoka laling'ono pa zimene zinandigwera tsiku limenelo.

Ndimagwira maganyu pafamu ina kufupi ndi Guruve, kudziko la anthu olankhula Chishona. Murungu wathu (ndi wakuda ngati ine, koma kuno wolemba ntchito aliyense ndi murungu) ankafuna kukumba damu kudambo, ndipo tonse a kukomboni tinkadalira ntchito imeneyo. Koma boma linati liyambe latumiza anthu kudzaona ngati damulo silisowetsa pokhala nyama zotetezedwa. Murungu anasankha ine kuti ndiwaperekeze.

Ndinatchena. Ndinavala buluku la pakaunjika, lalikulu kundiposa, n'kulimanga ndi lamba amene mlamu wanga anandibweretsera kuchokera ku Tete. Anandilumbirira kuti ndi chikopa chenicheni cha nsato, ndipo kutchalitchi ankandipatsa nacho ulemu.

Tili m'njira, mayi amene ankatsogolera gululo anafotokoza m'Chishona kuti shato, nsato imeneyo, ndi yotetezedwa, ndipo wopezeka ngakhale ndi chikopa chake amakagona kundende. Ndinakokera malaya pansi, koma malayawo anali aafupi. M'maganizo ndinaona ana anga akundibweretsera chakudya kujere.

Ndinapempha kuti ndipatuke pang'ono, ndipo ndili kutchire ndinavula lamba uja n'kumuponya paudzu. Ndinabwerako dzanja lili m'chiuno ngati munthu wodwala nsana. Mwatsoka anandipatsa mtengo woyezera woti ndigwire ndi manja awiri. Buluku linatsika lokha mpaka m'mapazi (za kabudula wam'kati tisakambe).

Asanayambe n'kuseka komwe, mnzawo wa mayi uja anakuwa kuchokera paudzu paja kuti waona shato. Tonse tinabalalika, ine ndikudumpha ngati chule. Titaima, mayiyo ananena kuti ngati padambopo pamakhala nsato, damu liyambe ladikira mpaka afufuze bwino. Murungu anangogwira m'mutu.

Ndinaima pamenepo ndikuganiza. Ndikakhala chete, komboni yonse igona ndi njala chifukwa cha ine. Ndikalankhula, ndende. Miyendo inandinyamula yokha, ndinakatola chinthucho, n'kugwada.

“Amayi, njoka yanu ndi iyi. Mundimange ine, damu mulisiye.”

Mayiyo anatembenuza lambayo, anamukanda ndi chikhadabo, kenako anamununkhiza, n'kunditchula kuti sekuru, ndiye kuti malume.

“Sekuru, nsato imeneyi inabadwira kufakitale. Ndi pulasitiki. Valani musanatichititse ngozi ina.”

Onse anaseka mpaka misozi. Ine ndinasowa chochita, kuthokoza Mulungu kapena kukasaka mlamu wanga. Kafukufuku wawo anamaliza okha, ndipo damu analola patapita nthawi. Ine dzina la Shato linandimatirira, ngakhale ana a kukomboni amandiitana choncho.

Lambayo ndimavalabe. Mlendo akafunsa, ndimati ndi nsato yeniyeni ya ku Tete, koma ndimayamba ndasuzumira kumsewu ngati sikukubwera galimoto ya boma.