Mchere wa Selari wa a Chikakwiya

Mwambi uja mumangoutchula osaudziwa mutu wake unayamba chonchi, ana inu.

Ku Bvumbwe kunali mkulu wina, a Chikakwiya, kalaliki wopuma ntchito. Cholembera sichinkachoka m'thumba la malaya, ngakhale popita kuchimbudzi. Ife olekera pulayimale ankationa ngati mbuzi zovala nsapato.

Mwana wawo Esinta atapeza mwamuna wa ku Limbe, a Chikakwiya analengeza kuti nkhuku ya pachinkhoswe idzathiridwa mchere wa selari, wonga wa m'mahotela. Wodziwa kapangidwe kake anali mmodzi, a Malizani, amene anaphikira azungu zaka makumi awiri. Koma a Malizani ankasayina ndi chala.

"Ine ndikaphunzire kwa mbuli?" anatero a Chikakwiya. Anatuma mlamu wawo Fulatira. "Alamu, kandimverereni."

A Malizani anafotokoza zonse bwinobwino: kuthyola masamba a selari, ndiwo zonunkhira zija za m'dimba, kuyanika pamthunzi mpaka aume, kusinja, kusefa, kusakaniza ndi mchere. Koma Fulatira maso anali pa maluwa a pakhomopo. Mawu ankalowa khutu ili n'kutulukira linalo.

"Akuti bwanji?" anafunsa a Chikakwiya Fulatira atabwerako, kope lili pabondo.

"Alamu, maluwa ali kumeneko! Ofiira, achikasu, ena ngati mabelu!"

"Ndikufunsa za mchere."

"Oho. Kuthyola, kuyanika, kusinja, kusakaniza."

"Kuthyola chiyani?"

Fulatira anakanda m'mutu. "Nanga chomera pakhomo paja n'chiyani? Maluwa basi."

A Chikakwiya analemba, nambala wani mpaka folo, n'kudula mzere kunsi. Anakazula maluwa achikasu onunkha aja timabzala m'dimba kuti tizilombo tithawe. Masiku atatu ali pamphasa, kenako mumtondo.

Akazi awo anatseka mphuno. "Bambo a Esinta, selari si masamba kodi? Izi zikununkha ngati mankhwala a nsikidzi."

"Zachizungu zimanunkha choncho. Iwe unalekera sitandade fili, phika."

Mayi aja anaphika. Akanatani?

Tsiku lachinkhoswe, zonse zitalongosoka, nkhuku inabwera yachikasu ngati dzungu. A Chikakwiya anaimirira, kukonza tayi, kuuza alendo kuti lero alawa za kunja. Nkhoswe ya kuchimuna, a Gomani, inanyema ntchafu n'kuluma. Nkhope inakwinyika. Anatafuna kawiri chifukwa cha ulemu, kachitatu analavulira m'mpango.

"Mwathiramo chiyani umu?"

"Chinsinsi chathu," a Chikakwiya anayankha monyada. "Ndasinja ndekha, mumtondo."

A Gomani anayang'ana mphwawo, mkamwini uja, yemwe anali atagwira kale chiwindi.

"Tula pansi, iwe! Mwamva nonse? Asinja okha! Ukwati usanayambe ayamba kale kutidyetsa mankhwala. Mwana wathu akalowa m'nyumba muno adzatuluka akuyenda chokwawa."

Akuchimuna ananyamuka onse, mpaka tambala wawo anamutenga. Esinta analira kuseri kwa nyumba. A Chikakwiya anathamangira minibasi ya alendowo akukupiza kope lija. "Onani, zalembedwa! Zalembedwa!" Fumbi lokha ndi limene linawerenga.

Madzulo a Malizani anadutsa ndi mtolo wa selari, akuchokera kudimba. Nyumba yawo inali yachitatu kuchokera pamenepo. Yachitatu, ana inu! Ananunkhiza mphika uja, n'kuyang'ana Fulatira, yemwe anali pakona akumaliza mutu wa nkhuku.

"Achimwene ophunzira," anatero kwa a Chikakwiya, "miyendo munali nayo, makutu munali nawo. Kandimverere anakanena za m'maluwa."