Mmene Ndinakwechera Mapazi ndi Mapale a Aroma

Amene muwerenge nkhaniyi, chonde isakafike kwa apongozi anga kumudzi. Iwo amadziwa kuti mpongozi wawo ali ku Amereka, amagwira ntchito ya zachipatala, ndipo ndi munthu wozindikira. Asiyeni akhulupirire zomwezo. Zimene ndinachita chaka chatha nyengo yozizira, mpaka pano ndikazikumbukira ndili pa chiwongolero ndimadzimenya pachipumi, anzanga a m'magalimoto ena n'kumandiyang'ana ngati zandisokonekera.

Ine ndimasamalira okalamba m'makomo mwawo. Ndimakhala ku Lanham, koma nthawi imeneyo ndinkagwira ku Falls Church, kwa bambo ena achizungu dzina lawo a Harold. Miyendo yawo inali itatopa, koma mutu unali wakuthwa ngati lumo. Anali mphunzitsi wa mbiri yakale, ndipo ali mnyamata anakhalako ku Mangalande, kumene ankakumba pansi kufunafuna zinthu za anthu amakedzana. Ntchito yanga inali kuwasambitsa, kuwapatsa mankhwala, kuwaphikira, komanso kumvetsera nkhani zawo. Zitatu zoyambazo ndinkazichita ndi mtima wonse. Chomalizacho ndinkangoti "eya, eya" uku maganizo ali pa mzere wa magalimoto umene ukundidikira pobwerera kunyumba.

Tsiku lina mwana wawo wamkazi, Susan, anabwera kudzayeretsa m'garaja kuti njinga ya olumala ya bambo ake izidutsa bwino. Atatopa anandiitana.

"Makatoni onse ali kufupi ndi chitseko ndi otaya," anatero m'Chingerezi. "Ukaona chokukomera, tenga."

Abale, mawu akuti "tenga" sauzidwa kwa munthu wa kwathu mwachisawawa choncho. Ndinatenga bulangete, nyale, ndi poto wopanda chivundikiro. Kenako maso anga anagwa pa katoni ya nsapato yobiriwira. Kunena zoona, katoniyo sinali pansi pamodzi ndi zinzake. Inali pa shelefu. Koma shelefuyo inali kufupi ndi chitseko (kufupi kumatengera amene akuyeza), choncho nayo inalowa m'galimoto.

Nditafika kunyumba ndinatsegula. Munali mapale. Zidutswa zofiira ngati njerwa, zokhuthala ngati chala chachikulu, zina zodzaza m'dzanja. Mbali imodzi inali yoderapo ngati yadutsa utsi, mbali inayo inali ndi mizeremizere yokhotakhota, ngati munthu anadutsitsapo chipeso dothi lisanaume. Chidutswa chilichonse chinali chokulungidwa m'pepala lofewa, ndipo m'mphepete munali timanambala tolembedwa ndi inki. Munthu wanzeru akanaima pomwepo n'kudzifunsa kuti, kodi zinyalala amazikulunga ngati mazira? Ine ndinangoti timanambalato ndi mtengo wake wa kusitolo.

Tsopano ndikuuzeni za mapazi anga. Kuno kukazizira, chotenthetsera m'nyumba chimaumitsa khungu ngati chikopa cha ng'oma. Zidendene zanga zimachita mang'a oti mungabisemo mpunga. Masokosi amatha sabata isanathe, ndipo bambo akunyumba anafika podandaula kuti ndikatembenuka pabedi nsalu imalira. Ndinayesa timiyala ta m'masitolo tija, topepuka ngati thovu, koma tinkangondisisita mwaulemu. Ine ndinakulira pa chidutswa cha njerwa m'bafa ya udzu. Ndiye nditadutsitsa chala pa mizere ija, mtima unati mwala uja wapezeka.

Ndinasankha chidutswa chimodzi chimene chinali ndi kadzenje pakona, pamene chala changa chachikulu chinkakwana ndendende. Ndinayamikira kuti azungu amaganiza patali, kuika ndi pogwirira pomwe. Ndinaviika mapazi m'madzi otentha, n'kupaka sopo, n'kuyamba kukwecha. Ha! Zimene zinatuluka sindinena chifukwa ena mukuwerenga mukudya. Patangopita masiku ochepa, zidendene zanga zinali ngati tsaya la khanda.

Zikanathera pomwepo bwenzi zili nkhani ya ine ndi bafa yanga. Koma ine chinthu chikandiyendera sinditha kukhala chete. Lamlungu tikatha mapemphero timadyera pamodzi mu holo imene mpingo wathu umabwereka, ndipo ine ndinavula dala nsapato ngati zikundithina. Woyamba kuona anali amake Mwila, mnzanga wa ku Lusaka.

"Iwe, manje aya mapazi wachita nawo bwanji? Si iwe unali kung'amba masokosi?"

"Ndi mwala wapadera," ndinatero, ndikutembenuza phazi kuti liwale bwino. "Wochokera ku Ulaya."

(Za ku Ulayazo ndinangopeka pofuna kudzitama. Ndi bodza langa lokhalo limene linadzapezeka kuti ndi loona.)

Lamlungu lotsatira ndinabwera ndi katoni yonse. Ndinagawira azimayi ngati mphatso za Khirisimasi, ndipo chidutswa chachikulu ndinapereka kwa amayi abusa ndi manja awiri, bondo litapindika pang'ono. Mbiri yanga inakwera. Mafoni ankalira, ena kuthokoza, ena kufunsa ngati ndingawapezere china cha achemwali awo a ku Bowie. Ndinayamba kuyenda ngati munthu amene wathandiza dziko.

Ndiye m'mawa wina ndikuwapesa tsitsi a Harold, anandifunsa mofatsa.

"Kodi m'garaja muja, pa shelefu, unaonapo katoni ya nsapato yobiriwira? Ndikufuna undibweretsere. Sabata yamawa ndi tsiku limene Margaret anabadwa, ndipo chaka chilichonse ndimaitsegula."

Margaret anali malemu akazi awo. Chipeso chinaima m'mutu mwawo.

"Muli chiyani m'katonimo, agogo?" ndinafunsa, mawu atachepa.

Tsiku limenelo ndi loyamba limene ndinamvetsera nkhani yawo kuchokera koyamba mpaka kumapeto. Anandiuza kuti Aroma atalamulira Mangalande ankamanga nyumba zofunda popanda moto kuonekera m'chipinda. Ankasonkha moto panja, kutentha kwake n'kumadutsa kunsi kwa pansi pa nyumba, kenako n'kukwera m'makoma kudzera m'njerwa zamphako zimene ankazisanja ngati paipi. Mizere ija ankailemba ndi chipeso njerwayo isanawotchedwe, kuti pulasitala agwire. Mapale a m'katoni muja anali zidutswa za njerwa zimenezo. Anazikumba m'munda wa mlimi wina, ndipo mwini mundayo anawapatsa zingapo kuti azikumbukira.

"Pali chimodzi chili ndi chidindo cha chala cha munthu amene anachiumba," anapitiriza. "Anachigwira dothi lili lofewa, zaka pafupifupi zikwi ziwiri zapitazo. Amene anachipeza ndi Margaret. Tinali tisanadziwane. Anandiitana, n'kugwira dzanja langa, n'kuika chala changa m'kadzenjeko. Chibwenzi chathu chinayambira pamenepo."

Pogwirira panga paja.

Ndinafuna kulowa pansi. Ndinati, "Ndikayang'ana, agogo," n'kupita kugaraja kukaima pakati pa mafosholo. Ndinaimbira amake Mwila. Anaseka mpaka ndinamva foni ikugwa.

"Ndiye ukuti ise tonse tinali kusamba na katundu wa Pilato?"

"Osaseka, mwali, ntchito yanga ikutha!"

Madzulo ake ndinalemba pa gulu la azimayi la pafoni kuti miyala ija ibwere yonse Lamlungu, pali vuto. Kulakwa kwanga kunali kusafotokoza vutolo. Wina anafunsa ngati imayambitsa matenda, popeza phazi lake layamba kuyabwa. Wina anati iye ankakayika kale chifukwa chiyambire kuigwiritsa ntchito akulota zachilendo. Kenako amayi abusa anaimba okha.

"Mwana wanga, tiuze zoona tipemphere. Kodi miyala ija ndi yakumanda?"

"Ayi amayi, ndi ya Aroma."



"Aroma ake ati? A m'Baibulo kapena a tchalitchi?"

Lamlungu ndinapachika thumba kuseri kwa chitseko cha khichini ya holo, kuti aliyense akaponyemo chake popanda kuyang'anana. Nditafika kunyumba ndinawerenga, zinakwana. Ndinazitsuka, n'kuziumitsa ndi choumitsira tsitsi, n'kuzikulunganso m'mapepala. Koma panali zinthu zimene sindikanatha kubisa. Katoni yonse inkanunkhira sopo. Mizere ina inali itayamba kusalala. Ndipo timanambala tija tinali titapita ndi thovu.

Bambo akunyumba anandilangiza kuti ndingobweza katoniyo pa shelefu n'kukhala ngati sindikudziwa kanthu.

"Munthu wamkulu uja maso ake saona bwino," anatero.

"Maso saona, koma mphuno ikugwira," ndinayankha. Komanso chala cha Margaret chija chinali chitandikhala pamtima.

Lolemba ndinapeza Susan ali komweko (tsoka likafuna munthu limaitana ndi mboni zomwe). Ndinaika katoni patebulo, n'kuima manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu wogwidwa ndi mango a ahedi. Ndinafotokoza zonse: shelefu, mang'a, sopo, azimayi a kutchalitchi. Chingerezi changa chimene chimandithandiza masiku onse chinathawa, ndipo pofuna kuti amvetse ndinafika povula nsapato n'kuwaonetsa chidendene.

Nkhope ya Susan inafiira. Ndinaona kuti dzanja lake layandikira foni, ndipo ndinadziwa kuti akangoimbira amene anandilemba ntchito, zanga zada. A Harold anatsegula katoni, n'kutenga chidutswa chimodzi, n'kuchitembenuza, kenako n'kuchinunkhiza.

"Ukuti azimayi angati asamba nazo?"

"Ambiri ndithu, agogo."

Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ndinaganiza kuti akulira, ndipo ndinali nditayamba kale kugwada. Koma kunali kuseka. Anaseka mpaka kutsokomola, ine n'kuthamangira madzi.

"Susan," anatero akupukuta misozi, "ukudziwa kumene tinazikumba zimenezi? M'khoma la nyumba yosambira! Zakhala m'dothi zaka zonsezi, kenako m'garaja mwanga, ndipo mayi uyu ndi amene wazibwezera kubafa."

Mtima unayamba kutsika. Koma atafika pa chidutswa cha kadzenje chija, kuseka kunatha. Anaika chala chawo m'menemo, n'kukhala choncho kanthawi. Kenako anachitembenuza kuyang'ana m'mphepete mwake, mmene munali mutayera.

"Manambala aja analemba ndi Margaret," anatero motsitsa.

Akanandikalipira zikanakhala bwino. Mawu amenewo anandilasa kuposa chilango chilichonse, ndipo misozi inangotsika yokha. Ndinapepesa m'Chingerezi, n'kupepesanso m'Chichewa chifukwa Chingerezicho chinkandichepera. Iwo anandigwira dzanja.

"Chala chilipo," anatero. "Ndiponso Margaret nayenso mapazi ake ankang'ambika ndi dothi la m'maenje muja. Akanadziwa nzeru imeneyi, bwenzi iye atayamba."

Ndinaganiza kuti mlandu watha. Koma a Harold anapitiriza kutulutsa zidutswa chimodzichimodzi, ndipo atafika pa china anaima, n'kuvala magalasi ena.

"Ichi si cha Aroma."

"Agogo?"

"Ichi ndi cha mphika wa maluwa, wa m'sitolo. Taona, chowonda. Ndipo mizere iyi wina wachita kukanda ndi msomali, posachedwa pompa."

Ndinayang'anitsitsa. Zinali zoona. Mmodzi mwa azimayi anzanga, amene timaimba nawo ndi kupemphera nawo, anaswa mphika wake wa maluwa, n'kukhala pansi kukanda mizere yokhotakhota mosamala, n'kuponya m'thumba muja, chenichenicho n'kusunga kubafa kwake. Apa ndi pamene Susan anagonja. Anakhala pa mpando n'kubisa nkhope m'manja, thupi lonse likunjenjemera ndi kuseka, ndipo ndinadziwa kuti ntchito yanga yapulumuka.

A Harold anasunga chidutswa chabodzacho m'katoni momwemo. Anati munthu amene anavutika kukanda mizere imeneyo ndi mmisiri nayenso, koma anawonjezera kuti chawo chija akuchifunabe.

Ndinalengeza kutchalitchi. Ndinapempha, ndinanyengerera, ndinalonjeza kuti sinditchula dzina. Azimayi onse analumbira kuti anabweza chenicheni, ndipo amake Mwila anandiuza kuti ndikamuyang'ananso choncho chinansi chitha. Thumba ndinalipachikanso kuseri kwa chitseko masabata angapo, koma munangopezeka supuni ya munthu wina.

Masiku ano munthu akandiuza kuti "tenga", ndimafunsa kawiri, ndimaloza ndi chala, ndipo chikakhala chokulungidwa m'pepala ndimachisiya. Koma pali khalidwe lina limene ndatengera pa nkhaniyi, loti Mulungu andikhululukire. Kunja kukatentha azimayi n'kuyamba kuvala nsapato zoonetsa mapazi, abusa akati titseke maso tipemphere, ine ndimatseka limodzi. Linalo limayenda pansi, mzere ndi mzere. Ambiri mang'a awo anabwerera, anganso anabwerera. Koma pali zidendene ziwiri zimene zikuwalabe mokayikitsa, pa mpando wakutsogolo penipeni, ndipo mwini wake ndi munthu woti ine sindingayerekeze kumufunsa.