Jamu amene ndinayeza ndi jagi

Chipumireni ntchito ku mgodi, pakhomo pa mwana wanga ku Chamboli ndimakhala ngati mpando wothyoka mwendo: sautaya, koma palibe woukhalira. Nkhani zonse amapangana okha. Ine amangondifunsa ngati ndamwa mankhwala.

Loweruka lina mpongozi wanga, amake Tisa, anabwera ndi beseni la sitiroberi kuchokera ku famu ina ya pamsewu wa ku Ndola. Amayi a kutchalitchi anamutuma kuphika jamu wokagulitsa mawa lake Misa ikatha. Kapepala kake ka kaphikidwe kanati sitiroberi 2 kg, shuga 2 kg. Koma kasikelo kake kanali katatha mabatire, ndiye anatuluka kukabwereka kena.

"Atate, muzingoona kuti nkhuku zisajompe," anatero.

Nkhuku? Munthu woti ndinakalambira pansi pa nthaka, lero ndikhale mlonda wa nkhuku? Mumtima ndinati akamabwera apeze jamu wapsa, mwina adziwe kuti mutu uwu ukadali ndi kanthu.

Sukulu ndinalekera giredi folo, koma ichi chokha ndimachidziwa: lita imodzi ya madzi imalemera kilo imodzi. Ndinatenga jagi ya 2 lita, kuidzaza sitiroberi mpaka kukamwa, kukhuthulira mumphika. Shuga sanandivute, paketi yake inalembedwa kale 2 kg, ndinathira yense. M'beseni munatsala zipatso zambirimbiri. Ndinati wa famu uja wadzibera yekha, ndipo ndinakhala pansi n'kumadya, zina n'kupatsirako a Mwanza, oyandikana nafe nyumba, pampanda, aone kuti nanenso ndimagawa.

Pambaula shuga anakana kusungunuka. Ndinawonjezera makala, n'kumatakasa, thukuta lili kamukamu. Zofiira zija zinayamba kuda. Ndinati jamu amayamba choncho. Kodi ndinamuonapo kuti akuphikidwa? Pomwe ndimaphula, zinali zitalimba moti mthiko unaima wokha pakati, ndipo zitazizira unakaniratu kutuluka.

Amake Tisa anafika, sikelo ili m'manja. Anayang'ana mphika nthawi yaitali.

"Munayeza ndi chiyani, atate?"

Ndinaloza jagi. Anatola zotsala zochepa zija, kuziika m'jagimo, n'kuikweza padzuwa.

"Onani mipata iyi. Madzi alibe mipata. Pafupifupi theka la jagi yanu linali mphepo."

Chinandiwawa n'chakuti ndinkazidziwa. Kumgodi ngolo yodzaza miyala ikuluikulu inkapepuka kuposa ya miyala yophwanyika bwino, ndipo ndinkakalipira anzanga pa zomwezi. Koma tsikulo ndinafulumira kufuna kutamandidwa.

Madzulo mwana wanga anapeza mphika uli pakhonde, mthiko uli chiimire.

"Uwu watani?"

"Ndapsereza ndine," anatero mkazi wake, maso ali pansi.

Kundibisa ngati mwana wokodzera pamphasa. Zimenezo ndinakana.

"Akunama. Ndine."

Mwana wanga anagwira mthiko kuti auzule, mphika wonse unanyamuka nawo. Anaseka mpaka kukhosomola, kenaka anakoka mpando n'kukhala pafupi nane.

"Atate, tafotokozani bwinobwino. Munachita bwanji?"

Zaka zonsezi, funso loyamba lofuna nzeru zanga linali limeneli. Ndinamufotokozera zonse, osasiyako kanthu. Koma mphika wa mpongozi sindidzaukhudzanso, ngakhale ukhale wa madzi osamba.