Chiwembu cha Alamu Anga

Lolemba

Ndaganiza. Lamulungu tikaweruka kutchalitchi ndikubwerera kwathu ku Malosa.

Mwezi watha abale a mkazi wanga anandisudzula, mwambo unatha. Pano ndi kwawo kwa malemu amake Grace, ine ndinangobwera chikamwini. Palibe wandiuza kuti ndizipita, komatu ndi bwino kunyamuka ndekha asanandiuze. Ndamuimbira Grace ku Zomba, ndati asauze munthu. Wangoti, "Chabwino, ababa."

Zotenga:
jekete lakuda
khasu ndi nkhwangwa
Baibulo
kapu yobiriwira ya amake Grace
TV, kaya

Madzulo azimayi adzaza pabalaza monga mwa masiku onse, kudzaonera sewero lomwe malemu ankalikonda. Pampando wawo sipakhala munthu. Ine sindionera, ndimangokhala pakhomo kuyang'anira batire la sola. Koma makutu satseka. M'seweromo mtsikana wina, Violeti, akupangana ndi mchimwene wake Dickson zothamangitsa a Mlenga, bambo wowalera, m'nyumba. Pamaso akuwasekerera. Koma anthu!

Lachiwiri

Ndatsitsa sutikesi, ndikuipukuta fumbi. Alamu a Felesiya, akulu awo a malemu, atulukira ndi mbale ya futali. Aona sutikesi. Akuti mwayi wake, iwo ali ndi ulendo wa ku Liwonde, ndiwabwereke. Chibwerereni mudzi uno sindinawaonepo akupita ku Liwonde. Munthu ungakane bwanji futali ali m'manja? Sutikesi yapita.

Palibe kanthu. Matumba a feteleza alipo.

Madzulo Violeti wawapatsa a Mlenga tiyi wamkaka, kwinaku Dickson akusintha loko wa kuchipinda. Ndayang'ana mbale ya futali ija. Ndadya yonse, ndanyambita ndi supuni. Ndiyenera kusamala.

Lachitatu

Alamu a Wyson, mwini mbumba, abwera kuchokera kwa akazi awo kutsidya kwa mtsinje. Kawirikawiri amabwera kukakhala maliro kapena mlandu basi. Lero akuti angondizonda.

Azungulira njinga yanga, aliza belu, apukusa mutu. Akuti tayala lakutsogolo lapindika, lingandigwetse. Ine ndimaikwera tsiku lililonse, sindinagwepo. Achotsa tayalalo, akuti akudziwa mmisiri. Njinga yatsala chogwada ngati mbuzi yomwa madzi.

Kenako iwo ndi a Felesiya kuseri kwa nkhokwe, kunong'onezana. Nditadutsa ayamba kukamba za nankafumbwe.

Dickson ndi Violeti nawonso amanong'onezana kuseri kwa galimoto. Sindikunena kanthu, ndikungolemba.

Amake Grace akanakhalapo akanandiseka. Iwo ankamulalatira Violeti ngati akumva, ine n'kumawauza kuti mayi, ndi galasi limenelo.

Lachinayi

Ndadzidzimuka ndi phokoso padenga la khitchini. Amuna atatu akusasula udzu! A Wyson ali pansi kuloza ndi ndodo. Ndafunsa, akuti udzu waola, mvula isatipeze. Isatipeze ndani?

Ndiye kuti nyumbayi ili kale ndi mwini watsopano. Akuikonzera iyeyo.

Ndawathandiza kumanga mitolo ya udzu, chifukwa amamanga molakwika, sindikanatha kungoonerera. Mpaka dzuwa kupendeka. Kulongedza kwalephereka. Pa matumba a feteleza aja, awiri atengera zinyalala.

Ndapangana ndi a Jafali akabaza kuti Lamulungu adzanyamule katundu. Avomera msanga.

Sewero lero ndaonera ndili mkati, chifukwa pakhomo pali mphepo. Violeti wauza adokotala kuti a Mlenga mutu sukuyenda bwino. Bodza lenileni! Munthu wanzeru zake, amawerenga nyuzipepala!

Lachisanu

A Jafali abwera m'mawa, chipewa m'manja. Akuti Lamulungu ali ndi chinkhoswe. Ndati Lolemba. Akuti chinkhoswe chake n'chachitali. Pachiwongolero cha njinga yawo palendewera nkhuku yamawangamawanga. Nkhuku imeneyo ndikuidziwa, imagona m'khola la a Felesiya.

Zotsala:
sutikesi, palibe
tayala, palibe
kabaza, palibe
thumba limodzi, lobooka

Khitchini yafoleredwa bwino, ndisaname.

Madzulo zachitika. A Mlenga atuluka pageti ndi kachikwama, mvula ikugwa. Azimayi onse misozi. A Felesiya aimirira, chitenje m'chiuno kumanga: "Bambo opusa inu! Munthu umatuluka bwanji m'nyumba yomwe unaumba njerwa zake wekha?"

Koma sakuyang'ana TV. Akuyang'ana ine.

Ndapita kukaona batire. Batire lili bwino.

Loweruka

Ndavala jekete, ndawaitana onse awiri pakhonde. Ndawauza modekha kuti ndikuona zonse, sutikesi, tayala, nkhuku, ndipo asavutike ndi kunong'ona, mawa ndikupita ndekha mwaulemu.

A Wyson ayang'ana kudenga. A Felesiya aseka mpaka kutsokomola. Akuti inde chiwembu chilipo, chinayamba Lolemba lomwelo. Grace atangodula foni yanga anaimbira iwo. Mwana wanga weniweni! Nkhuku ija akuti inali ya Khirisimasi, ndiye ndidziwe kuti ndawaonongetsa zambiri.

Ndati nanga munandisudzuliranji. Akuti, "Umenewo ndi mwambo, alamu. Ndani anati muzipita? Mchemwali wanga munamusamala mpaka tsiku lomaliza. Mukapita, tizikamba za iye ndi ndani?"

Kuti ndisachite manyazi ndati ndadziwa, mukufuna TV basi, ndikusiyirani.

A Felesiya akuti, "TV yo nyamulani mukaisiye ku Malosa, inuyo mubwereko."

A Wyson atsokomola pang'ono. Akuti ndi zoona ndithu, bola ipite sewero likatha.

Lamulungu

Sindinapite. Ndikanapita pa chiyani?

Pochokera kutchalitchi ndapeza njinga yaimirira ndi matayala onse awiri. Lakutsogolo ndi lomwe lija, palibe chomwe akonza. Sutikesi yabwera yodzaza mtedza, akuti poti ndilibe ulendo isangokhala.

Grace waimba. Ndamutchula Violeti. Waseka, kenako walira pang'ono, kenako wafunsa ngati futali anali wokoma.

Khasu labwerera kuseri kwa chitseko. Kapu yobiriwira ndaikoleka pamsomali wake.

Masana pa TV abwereza zigawo zonse za sabata ino, pabalaza podzaza mpaka pawindo. Malo asowa. A Felesiya akoka mpando wa malemu, aupukuta ndi chitenje, andilozera. Ndakhalapo. Ukugwedera mwendo umodzi, ndipo amake Grace anandiuza kangapo kuti ndiukonze.

A Mlenga atafika pageti paja ndi kachikwama kawo, wina wakuwa kuti, "Bwererani, bambo inu, nyumbayo ndi yanu!"

Onse atembenuka. Ndine.

A Felesiya akuti, "Alamu, ndi galasi limenelo."

Mpando ndiukonza mawa.