Bakha Mmodzi, Denga Lathunthu

M'mudzi wina umene suli pa mapu, koma uli ndi khothi, chitokosi ndi mbendera, munali kalipentala dzina lake Lufeyo Chimkwita. Iyeyu anamangidwa pomuganizira kuti anaba bakha. Chilango cha bakha m'mudzimo chinali masabata awiri, choncho Lufeyo anauza mkazi wake Nagama kuti mbewu asaigwire, abwera kudzadzala yekha.

Tsoka lake linali manja osamva. Tsiku loyamba m'khothi, mpando wa Wolemekezeka Mwini Chilungamo Chonse, a Chikakwiya, unkagwedera. Lufeyo anaukonza ndi kamtengo asanamufunse n'komwe.

"Kani bambowa ndi amisiri?" anatero Wolemekezeka, akudzigwedeza pampandopo. "Mlanduwu ndi wozama. Tiuimitse kaye."

M'mawa mwake Lufeyo anali pamwamba pa nyumba yatsopano ya Wolemekezeka akukhoma malata, wapolisi atamugwirira makwerero. Mwezi wotsatira fayilo inasowa. Inapezeka zitseko zitatha, koma mboni inadwala. Pamene mboni inkachira, bakha uja, amene anasungidwa ngati umboni, anali atathandiza apolisi pa kafukufuku wawo mpaka kutsala nthenga zokha.

Mvula yoyamba itagwa, Nagama anabwera kudzamuona.

"Anzanu adzala, bambo. Inu muli kalikiliki kukhomera anthu madenga, kwanu kukudontha ngati sefa."

Lufeyo anaganiza mozama. Bakhayo sanamuonepo chibadwire, koma anaona kuti njira yachidule yopitira kwawo ndi kukhala wakuba. Mlandu utalowanso, anakweza mkono.

"Bwana, bakha uja ndinaba ndine. Ndinachita kumugwira pakhosi chonchi. Ndipatseni masabata anga awiri ndizipita."

Woimira boma pa milandu, a Mpulula, amene kabati yawo inali isanaikidwe zitseko, anadzambatuka.

"Ndikutsutsa, Wolemekezeka! Munthuyu ndi wamakhalidwe abwino, tonse tamuona. Akudzinamizira."

"Umboni uli nawo woti unaba?" anafunsa Wolemekezeka.

"Umboni munadya, bwana."

Wolemekezeka analemba kwa nthawi yaitali, kenaka anavula magalasi.

"Khothi lino silingakhulupirire mawu a munthu woganiziridwa kuba. Kuvomera kwako kwakanidwa. Mlandu waima mpaka khitchini... mpaka kafukufuku atatha."

Tsiku limene Lufeyo anakhoma msomali womaliza, chilungamo chinafika chothamanga. Anapezeka wosalakwa, ndipo Wolemekezeka anamuyamikira chifukwa chodekha. Apo n'kuti chimanga cha anzake chikumasula ngaiyaye, m'munda mwake muli udzu wofika m'chiuno.

Akutuluka pachipata, anakumana ndi mnansi wake Jailosi, wopenta nyumba, akulowa ali ndi unyolo m'manja.

"Achimwene, inunso? Mwalakwa chiyani?"

"Sanandiuze," anatero Jailosi. "Angoti ndisaiwale burashi."